Bokosi Limene a Kopolo Anabweretsa

A Kopolo tinawaika m'manda Lachinayi, mwezi wa Juni uli pakati, nkhungu itakana kuchoka paphiri mpaka masana. Adzukulu anamaliza kukumba m'mawa ndithu, koma mwambo unachedwa chifukwa mwana wawo Dalitso anati tidikire kaye. Eni ake ali moyo ankanena kuti akadzafa tisadzaitane msilikali aliyense. Koma kutatsala sabata kuti atisiye anaitanitsa polishi, napukuta majombo awo akale ali chigonere, n'kuwaimika pafupi ndi khomo. Dalitso ataona zimenezo anaimba foni kwa amene amayang'anira za asilikali opuma, ndipo anamuyankha kuti uthenga wafika, aona chochita. Ndiye tinakhala pansi tikunjenjemera ndi chisanu, aliyense akuponya maso kumsewu wochokera ku Bembeke. Kunadutsa njinga zamoto ziwiri ndi ngolo ya kabichi basi. Itakwana 2 koloko akazi awo, amayi aang'ono a Rozina, anadzuka pamphasa.

"Nyamulani," anatero. "Eni akewo akanakhala moyo bwenzi atatitukwana tonse pano."

Kumanda kunalankhula bambo wina amene akufuna mpando pa chisankho chikubwerachi. Anati dziko lataya ngwazi, ndipo katatu konse anawatchula kuti a Zakaliya. Dzina lawo linali Zakeyu.

Ine ndine Tereza. A Kopolo anali bambo anga aang'ono, popeza anakwatira mng'ono wawo wa amayi anga. Ndikulemba izi chifukwa Novembala wafika, mwezi umene akuluakulu amakayala nkhata za maluwa pokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo, ndipo aka n'koyamba kuti mwezi umenewu ufike m'mudzi mwathu mulibe munthu wokangana ndi wailesi.

Sanali munthu woti n'kumukonda msanga. Kwawo kunali kumunsi, cha ku Golomoti kotentha kuja, ndipo zaka zonse zimene anakhala kumtunda kuno sanagwirizanepo ndi chisanu. Ankachitukwana ngati munthu woti akumva. Juzi yawo yobiriwira ya kuusilikali anaivala mpaka inasanduka ukonde, a Rozina n'kumangoisoka ndi ulusi uliwonse umene wapezeka, wofiira ndi woyera womwe. Poyenda ankayang'ana pansi. Akaona dothi lofukulidwa kumene m'njira, kaya ndi mfuko kaya ndi ana osewera, ankalambalala patali, ndipo anthu ankaseka akadutsa. Mizere ya mbatata ya kachewere ankaunga ndi chingwe. Munthu akadula njira m'munda mwawo ankamulondola ndi khasu m'manja mpaka pakhomo pake, kukamuonetsa mapazi ake.

Dzina la Kopolo linali udindo wawo wa kuusilikali. Akalawa pang'ono ankanena kuti amene anawapatsa dzinalo anangolakwitsa chilembo chimodzi, ankafuna kunena kapolo. Ankanenanso kuti akuluakulu amakonda msilikali wakufa chifukwa sayankha, ndipo amamukonda kwambiri akakhala wopanda dzina. Mawu oti ngwazi ankadana nawo. Ankati iwo ku nkhondo sanakumaneko ndi ngwazi, anakumana ndi anyamata anjala, a nsabwe m'zovala, amene ankalira amayi awo.

Lamlungu la mwambo wa nkhata lija, akachoka ku Misa ankatulutsa wailesi panja, kuikweza mpaka kumapeto, n'kumayankha aliyense amene akulankhula mmenemo.

"Mutchule dzina limodzi lokha! Limodzi! Mwavala masuti akuda, mukulira yani?"

Lipenga likangolira ankatseka, n'kulowa m'nyumba, osatulukanso mpaka madzulo.

Ndi akatekisiti a kwathu anakhala miyezi isanu ndi umodzi osapatsana moni. Kwa ife Akatolika Novembala ndi mwezi wopempherera akufa, ndipo mabanja amapereka maina kuti awerengedwe m'tchalitchi. Chaka china, atakalamba kale, a Kopolo anapereka maina anayi, a anzawo amene anafa m'mawa umodzi ku nkhondo. Loyamba linali la amalume anga a Fabiano. Enawo anali Yusufu, Lusekelo ndi Sandalamu. Akatekisiti anati la a Fabiano awerenga, koma Yusufu akumveka Msilamu, ndipo anamva kuti Sandalamu anali wa gule.

"Aphunzitsi," anatero a Kopolo pakhomo pa tchalitchi, anthu akutuluka, "amene anaombera anyamata amenewa sanafunse khadi la ubatizo. Magazi awo anasakanikirana pamiyala ya njanji, ine ndikuona. Inu mukufuna muwasiyanitse papepala? Werengani onse, apo ayi bwezereni pepala langa."

Anawabwezera. Chaka chotsatira ansembe atamva nkhaniyo anawerenga okha onse anayi, koma a Kopolo anati achedwa, ndipo sanathokoze.

Munthuyu m'mudzi mwathu anafika ndi maliro. Nthawi imeneyo nkhondo inali mkati ku Mozambique. Ife tinkaidziwira kwa anthu othawa amene anadzaza m'malire muno, ena n'kumabwera kudzagwira ganyu m'minda mwathu, ana awo akudzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Chimene sitinkadziwa n'chakuti ana a kwathu kuno nawonso anali komweko, akulondera njanji. Amalume a Fabiano, mwana wamwamuna yekhayo wa agogo anga a Nangozo, ankalemba makalata ngati ali kukampu, akudya bwino, akuphunzira kuimba gitala.

Ndinali mu Sitandade 2. Chigalimoto chobiriwira chinafika nthawi yokolola, n'kuima pansi pa mtengo wa mbawa. Munatsika asilikali asanu ndi mkulu wawo, natsitsa bokosi lokhomedwa misomali, mbendera itaphimba pamwamba. Mkulu uja anati mnzawo wamwalira pa ngozi ya galimoto, thupi lawonongeka, palibe kuona nkhope, ndipo maliro aikidwe tsiku lomwelo. Masiku amenewo munthu wovala yunifomu sunkamufunsa kawiri. Azibambo anangowerama. Bokosi analilowetsa m'nyumba ya agogo kanthawi kochepa, ndipo popeza khomo linali laling'ono anachita kulipendeketsa. Litatulukanso, agogo anadzuka pakati pa azimayi, nayenda mpaka pamene panaima asilikali aja. Anasankha wamng'ono thupi, wa maso ofiira, amene ankatsimphina.

"Mwana wanga, inu munali naye?"

"Ndinali naye, amayi."

"Galimotoyo inagwera pati?"

Msilikali uja anayang'ana mkulu wake, kenako anayang'ana pansi. "Pamlatho, amayi. Pamlatho wina kumwera uko."

"Anafera pomwepo?"

"Pomwepo, amayi. Sanamve kupweteka."

Msilikaliyo anali a Zakeyu. Kumanda anaomba mfuti m'mwamba, ife ana n'kuthawira m'mapesi. Mbendera anaipinda bwinobwino, agogo atatambasula kale manja poyesa kuti awasiyira, koma mkulu uja anaipana m'khwapa n'kukwera nayo. Dzuwa lisanapendeke anali atapita.

Patatha zaka zitatu a Zakeyu anabwera okha, atasiya usilikali, atanyamula kachikwama ndi khasu latsopano. Anauza azibambo kuti iwo ndi a Fabiano anapangana kuti amene adzatsale adzalimire amayi a mnzake. Anagona m'kanyumba ka alendo nayamba kulima munda wa agogo, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, ngati munthu wolipira mlandu. Chaka chachiwiri anakwatira a Rozina, mlongo wawo wa malemuwo, nakhala mkamwini.

Kwathu mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Akakumana m'njira, wina amapatukira kutchire. Ambiri amatero zaka zoyamba, ana akabadwa zimayamba kuchepa. A Kopolo sanachepetse. Ana anabadwa atatu, Dalitso anayamba sukulu, koma agogo akangotulukira uko, iwo ali kale kuseri kwa nkhokwe. Chilichonse chofuna kunena chinkadzera mwa a Rozina, ngakhale za mbewu, ngakhale za mbuzi yothyoka mwendo. Azimayi a m'mudzi ankadzudzulira akamwini awo pa iwo, kuti taonani ulemu wa a Kopolo. Agogo akamva zimenezo ankangoti, "Eya, ulemu," n'kulavulira kumbali.

Nkhani ya ngozi ija inakula yokha. Anthu anayamba kunong'ona kuti a Fabiano ndiwo ankayendetsa, kuti anali ataledzera, kuti anapha anzawo, n'chifukwa chake asilikali anathamangira kuika maliro n'kubwerera nayo mbendera. Agogo anasiya kupita ku mapemphero a mphakati pafupifupi chaka, chifukwa akafika azimayi ankasintha nkhani. Tsiku lina a Dzoole, amene ankasula makasu, anazinena pamowa a Kopolo ali pomwepo. A Kopolo anawagulula mano awiri ndipo analipira mbuzi. Pabwalo atafunsidwa kuti nanga zoona zake n'ziti, anangoti, "Fabiano sankadziwa n'kuyendetsa komwe." Boma lija linatha, kunabwera nthawi yoti aliyense ankalankhula zimene wafuna, m'minibasi ndi pawailesi pomwe, koma iwo pakamwa panali potseka.

Tsiku limene anatsegula ndinalipo. Panali patatha zaka pafupifupi makumi awiri chiikireni bokosi lija. Kunabwera kalata yoitana asilikali opuma ku mwambo wa Novembala pabwalo lina kuboma. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kufupi ndi komweko, ndipo tinauzidwa kuti tibwere ndi ana a sukulu kudzadzaza malo. A Rozina anachapa juzi ija. A Kopolo anayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, nakwera minibasi.

Anawakhazika pamabenchi, padzuwa, kuyambira 8 koloko. Aliyense amadziwa dzuwa la Novembala mvula isanagwe, ngakhale kuno kozizira. Akuluakulu anali mutenti, mabotolo a madzi ali pamatebulo. Mlendo wolemekezeka wochokera ku tawuni anafika itatsala pang'ono kukwana 11 koloko. Asanafike, nkhalamba ina imene inamenya nawo nkhondo ya azungu inakomoka, n'kuinyamulira pansi pa mtengo. Mlendo uja anawerenga zolembedwa m'Chingerezi. Anathokoza amene anapereka moyo wawo pa nkhondo zikuluzikulu za kutsidya kwa nyanja, anathokoza amene anakonza mwambo, anathokoza ndi amene anabwereketsa mipando omwe. Za njanji sanatchule. Lipenga linalira, woyendetsa mwambo nati tonse tikhale chete kwa mphindi ziwiri.

Pabwalo panali zii, kumangomveka mbendera ikukupiza. Ndiye mawu anatuluka kumabenchi kuja, mawu amene ndinkawadziwa pothamangitsa mbuzi m'munda.

"Fabiano wa ku Bembeke!"

Mitu yonse inatembenuka. A Kopolo anali ataima chilili, manja atawongola m'mbali, chibwano chili m'mwamba.

"Yusufu wa ku Mangochi! Lusekelo wa ku Karonga! Sandalamu wa ku Mchinji! Anafera panjanji ku Mozambique! Sinali ngozi ya galimoto! Ndinawatola ndine, ndi manja angawa!"

Anyamata awiri oyang'anira mwambo anawathamangira n'kuwagwira mikono.

"Madala, mwaledzera eti?"

"Ndinunkhize," anatero a Kopolo. "Ndinunkhize, mwana iwe, kenako ukafunse abwana akowo ngati akudziwapo dzina limodzi."

Anadzigwetsa pansi, anyamata aja n'kuwanyamula m'malere ngati thumba la feteleza. Woyendetsa mwambo anagwira chimkuzamawu nati, "Pepani alendo athu olemekezeka, madala aja mutu sukuyenda bwino." Anthu ena anaseka. Nkhata anayala monga mwa ndondomeko, ojambula akujambula. Pa asilikali opuma onse aja palibe amene anadzuka. Mmodzi yekha ndinamuona atavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso.

A Kopolo ndinawapeza kuseri kwa msika atakhala pamwala wa ngalande, juzi itang'ambika m'khwapa.

"Bambo, tiyeni kumudzi."

"Tereza, wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Ndiye agogo ako amva lero lomwe. Azimayi a kabichi awa safika n'kunyumba komwe asanafotokoze." Anayang'ana pamene juzi inang'ambika. "Anyamata aja akananditsekera sabata imodzi, bwenzi atandithandiza."

M'mawa mwake agogo anayala mphasa pakati pa bwalo, pamene sankakhalapo. Anandiitana.

"Kawauze akamwini abwere. Asatume mkazi."

Anabwera, nanjuta kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse, n'kuomba m'manja kuchokera komweko.

"Bwerani kuno," anatero agogo. "Zothawana zatha lero. Khalani apa, mundiyang'ane."

Ndinaona munthu amene anagulula mano a wosula makasu akuyenda ngati mwana woitanidwa kukakwapulidwa. Anakhala pansi pafumbi, kumapeto kwa mphasa. Amayi anga ndi a Rozina anakhala pakhomo. Ine ndinafuna kuchoka koma agogo anati ndikhale, pafunika wina wodzakumbukira.

A Kopolo anafotokoza maso ali pa maondo. M'mawa uliwonse sitima isanadutse, asilikali ankayenda wapansi m'mbali mwa njanji kuyang'ana ngati adani atcherapo mabomba. Wina ankayenda patsogolo, ndipo ankasinthana tsiku ndi tsiku. Tsiku limenelo linali lawo. Koma anali ndi chithupsa pantchafu, ankatsimphina, ndipo a Fabiano anati, iwe bwerera kumbuyo, lero ndiyenda ndine, mawa udzayenda iwe. Sanapite patali. Panali pamene dothi linaoneka lachilendo, a Fabiano sanapaone. Bomba litaphulika mfuti zinayamba kulira kuchokera m'tchire, ndipo enawo atatu anagwa pomwepo.

Agogo sanalire. Anafunsa ngati akufunsa mtengo wa mchere.

"Nanga m'bokosi muja munali chiyani?"

A Rozina anati, "Amayi, zikwane."

"Khala chete iwe. Akamwini, munali chiyani?"

"Munali mwendo umodzi, amayi, uli m'jombo yake. Ndi zina zimene ndinatola. Zonse zinakwana m'bulangeti limodzi. Anatilamula kuti bokosi lilemere ngati muli munthu, ndiye tinaikamo matumba awiri a mchenga. Wothira mchengawo ndinali ine."

Amayi anga analira mokweza, nalowa m'nyumba. Agogo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndinaumva," anatero. "Mutapendeketsa pakhomo paja, unayenda. Ine ndakhala ndikupeta moyo wanga wonse, mchenga ndimaudziwa kulira kwake. Pa asilikali onse aja ndinasankha inu chifukwa ndinaona kuti mwalira. Ndinati uyu andiuza. Munandiuza za mlatho. Mutabwera ndi khasu ndinati wabwera kudzandiuza. Mutafunsira Rozina ndinavomera, ndikuti akazolowera pakhomo pano andiuza. Ndadikira, ndadikira, mano atha m'kamwa. Dzulo ndikumva kwa ogulitsa kabichi kuti mwakawauza anthu a kuboma, amene sanamubereke."

"Ndinkaopa, amayi."

"Poyamba munkaopa boma, ndikudziwa, tonse tinkaopa. Nanga boma lija litatha?"

"Ndinkaopa inu. Tsiku lija linali langa. M'bokosi muja mumayenera kukhala ine."

"Za chithupsazo sindikukuimbani mlandu. Mwana wanga anali wotero, akanachitira aliyense. Mlandu wanu ndi wa pakamwa. Mwandilimira, sindikana. Chibwerereni inu sindinagonepo ndi njala. Koma zaka zonsezi ine ndakhala mayi wa chidakwa chimene chinapha anzake. Ndadutsa pachitsime anthu akukodolana. Inu mukudziwa zoona, muli kuseri kwa nkhokwe yanga, anthu akuti ulemu."

A Kopolo anagwetsa nkhope m'fumbi. Agogo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzuka, napinda mphasa yawo.

"Lachitatu kuli mphakati," anatero. "Mukaimirire pamaso pa azimayi aja, mukanene zonse zimene mwanena panozi. Za mchenga zomwe."

Anakanena. Ndinamva kuti azimayi ena anatuluka asanamalize. A Dzoole anabwera ndi nkhuku kudzapepesa, agogo anawauza kuti abwerere nayo, akadye ndi mano otsalawo.

Anthu amafuna ndinene kuti kuyambira pamenepo zinthu zinakoma. Sizinakome. Agogo anakhalabe ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo kuthawana kunatha, koma chimene chinalowa m'malo mwake sindikudziwa dzina lake. Ankakhala pabwalo limodzi akutong'ola chimanga, tsiku lonse osalankhulana. Mwadzidzidzi agogo ankafunsa kanthu kamodzi. M'mawa umenewo anadya chiyani? Gitala ija anaidziwadi kuimba, kapena ankangonama m'makalata? Ankamva kuzizira usiku? A Kopolo ankayankha, agogo n'kuti "Mm," basi zatha mpaka sabata ina. Tsiku lina anawafunsa ngati anatola zonse, kapena zina zinatsala komweko. A Kopolo anati zina zinatsala. Agogo sanadye masiku awiri.

Podwala matenda omaliza, ansembe atabwera, tonse tinkayembekeza kuti agogo anena mawu okhululuka. Anangonena kuti bokosi lawo asadzalikhome anthu asanaone nkhope, ndipo kumutu adzanyamule akamwini. A Kopolo ananyamuladi, kuchokera pakhomo mpaka kumanda, osalola kulandiridwa. Pambuyo pake anandiuza kuti sakudziwa ngati kunali kuwakhululukira kapena kuwalanga, ndipo palibenso womufunsa.

Zaka zotsalazo anazithera pa maina aja. Ankandiitana kuti ndiwalembere makalata, popeza dzanja langa linali looneka bwino. Sankapempha china, ankangoti anayi amenewa alembedwe penapake, pamwala kapena pakhoma, ndi mawu oti anafera ku nkhondo. Chaka ndi chaka tinkalemba. Yankho linabwera kamodzi, la mizere itatu, loti nkhaniyo akuiona. Ku mwambo wa kuboma sanaitanidwenso.

Ulendo wina anagulitsa nkhumba n'kukwera basi kupita ku Mchinji kukafunafuna abale a Sandalamu. Anabwera patatha masiku asanu atawonda. Mudzi anaupeza. Amayi ake a Sandalamu anali atamwalira kalekale akudziwa kuti mwana wawo anafa ndi malungo. Anapeza mdzukulu wina wokonza njinga, amene anamvetsera nkhani yonse akupopa tayala, kenako anafunsa ngati pali chimene boma likupereka kwa abale. Atamva kuti palibe, anati zikomo madala, muyende bwino. Ku Mangochi ndi ku Karonga sanapitenso.

Atabwerako anagula thumba la simenti, nawaka manda a amalume okha, osalola mmisiri. Simenti isanaume analemba ndi msomali maina onse anayi, zilembo zopendekera, ndipo pansi pake analemba kuti ANAFERA PANJANJI. Mchenga anauchulutsa, simenti inachepa, moti mvula ziwiri zokha panachita mng'alu wodutsa pakati pa dzina la Lusekelo. Ankaumata ndi dothi chaka chilichonse. Pa zimenezinso anakangana ndi eni mbumba, amene ankati manda a banja sangalembedwe maina a alendo. Anawayankha kuti m'manda amenewo muli kale mchenga wa dziko la eni, ndiye alendo anafika kalekale.

Ulendo womaliza umene ndinacheza nawo bwinobwino anali atayamba kale kutsokomola. Ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo kuti anafuula tsiku lija kuboma. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mwana wanga, ndimanong'oneza bondo kuti ndinafuula kwa anthu olakwika. Aja anabwera kudzajambulitsa. Woyenera kumva anali pompano, akusenda nyemba, ine ndikumuzemba." Anatsokomolanso. "Ukadzamva akunena kuti sitidzawaiwala, udzawafunse kuti ndani. Ungofunsa choncho basi. Ndani? Udzaone mmene adzayang'anirane."

Lamlungu lapitali ndinapita kumudzi. Amayi aang'ono a Rozina anatengedwa ndi Dalitso, ali ku Lilongwe, akuti mwina adzabwera mvula ikatha. Chitseko anachimanga ndi waya. Pabwalo pamera chisoso, ndipo mbuzi za eni ake zapeza pogona pakhonde, ndowe zili mbwee. Mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba wabereka kwambiri chaka chino, nthambi ina yathyoka ndi kulemera, zipatso zikuolera pansi, mavu ali ng'waa. Palibe wothyola, ana akuopabe kulowa pamenepo.

Pakhonde, kumanja kwa khomo, pali malo pamene a Kopolo ankatsamira akakhala. Dothi la pakhoma linaperepeseka mpaka njerwa kuonekera, ndipo pamwamba pake pali banga lakuda, losalala, pamene pankagunda mutu wawo. Ndinaikapo dzanja. Ndili chiimire anabwera mnyamata wa msuweni wanga, amene wapatsidwa nyumbayo kuti azisungiramo mbewu ya kachewere. Anandipatsa moni mwaulemu, nayang'ana khoma lija, nati likuchititsa manyazi. Mchenga ndi dothi watuta kale, zili mulu pambali pa khonde. Akuti Loweruka likudzali amata ponse.